Juzi ya Mkono Umodzi

London, 6 Okutobala 1970

Achemwali anga Glenys,

Muli bwanji kwathuko? Amayi mwendo uja ukuwalola kutsika masitepe? Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo uli m'mwamba. Musaope, ulendo uno sindikupempha ndalama.

Bwana wathu ku nyumba ya kanema, bambo Prewitt, andibwezera masewero atatu otsatizana. Akuti anthu amamukonda Maud Tranter chifukwa sanaonepo mkazi wofufuza milandu pa kanema, koma nkhani zomwe ndikumulembera ine sizinunkha thukuta. Dzulo anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Hilary, Maud wakoyu ndi chidole chovala chikhoti. Sewero lachinayi likakhala lotere, ubwerere kotayipa makalata."

Ndiye ndati ndilire kwa inu. Zaka khumi ndi zisanu mwakhala mu ofesi ya malemu bambo mukufufuza za anthu, ndinu Maud Tranter weniweni, kungoti inu mulibe galimoto yofiira. Ndigawireniko nkhani imodzi yokha, yeniyeni. Maina ndisintha.

Ndine mng'ono wanu,
Hilary


Bridlington, 11 Okutobala 1970

Wokondedwa Hilary,

Tili bwino. Amayi masitepe amatsika Lachinayi lokha, tsiku la Maud wakoyo, masiku enawa mwendo umawakumbuka.

Ukamuuze Prewitt kuti mkazi wofufuza milandu sathamangitsa mbava atavala nsapato zazitali. Amakhala m'galimoto yozizira kuyambira m'mawa, tiyi ali m'fulasiki, mapazi atatupa, akuopa kumwa kwambiri chifukwa chimbudzi chili kutali. Mfuti sindinaigwirepo. Koma nkhani nayi, itenge: chaka chatha kampani ina inandituma kulonda bambo wina amene ankati msana unathyokera ku ntchito. Milungu iwiri ankayenda ndi ndodo ngati nkhalamba. Loweruka ndinamupeza ku Blackpool akupikisana kuvina, atanyamula mkazi m'mwamba, ndipo anapambana. Imeneyo ilembe mmene ungafunire.

Tsopano pali ina. Iyi si ya Prewitt wako. Ndikukuuza chifukwa ikundilemera, ndipo amayi sindingawauze, pakamwa pawo ukupadziwa.

Ukumukumbuka Marjorie, wa ku Flamborough, amene anakwatiwa ndi Clifford Leadley msodzi uja? Anathawa pa banja mwezi wa Ogasiti. Clifford anabwera ku ofesi atavula chipewa, misozi ili mbwembwembwe. "Mayi Cammish, ndipezereni mkazi wanga. Ndingomupepesa basi." Ndinamumvera chisoni, ndinavomera.

Mwezi wathunthu sindinapeze kanthu. Kenako ndinakumbukira majuzi. Ukudziwa kuti akazi a asodzi aliyense ali ndi kalukidwe ka kwawo, kuti mwamuna akamira m'nyanja amuzindikire ndi juzi. Marjorie amaluka ka mayi ake, makwerero ndi ukonde, koma ali ndi kachizindikiro kakekake: kunsi kwa mkono wamanzere amaika kanangula ka ngalawa kozondoka. Ndinaganiza kuti mkazi wothawa wopanda kanthu adya ndi manja ake. Ndinayenda m'masitolo ogulitsa ulusi m'matauni onse a m'mbali mwa nyanja, ndikutukula mikono ya majuzi ngati wamisala. Ku Whitby ndinakapeza kanangulako. Akukhala m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo yomweyo, akulukira mwini wake.

Atandiona sanathawe. Anangomasula mabatani a bulauzi nandionetsa msana, mabala okhaokha. Hilary, ndaona zambiri pa ntchito iyi, koma ndinachita kukhala pansi.

"Mukamuuza, mukagulenso bokosi," anatero.

Ndinabwerera, ndinauza Clifford kuti ndalephera, mwina anapita ku Canada kwa msuweni wake. Bambo akanakhalapo akanandikalipira, ponamiza munthu wotituma. Ine usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Amene akudziwa ndine, ndi iwe tsopano. Kalatayi ukawerenga uiotche.

Ndamuuza akulukire juzi ya tsiku lako lobadwa mu Malichi, apezeko kangachepe. Unditumizire muyeso wa m'chifuwa, woona, osati wa zaka khumi zapitazo.

Mkulu wako,
Glenys


London, 17 Okutobala 1970

Achemwali,

Zikomo, mwandipulumutsa. Wovina uja ndaseka mpaka woyandikana naye anagogoda khoma. Ndayamba kale kulemba.

Za Marjorie ndalira. Mukundikayikira chifukwa chiyani? Ndikulumbira pa manda a bambo, sizituluka pakamwa panga. Kalata ndaotcha.

Muyeso ndi mainchesi 36. Chabwino, 38.

Hilary wanu


Bridlington, 20 Disembala 1970

Hilary,

Wangoti zii miyezi iwiri, kakhadi kamodzi kokha kotiuza kuti Khirisimasi subwera. Amayi akhumudwa, anali atagula kale tsekwe. Koma poti walemba kuti Prewitt walikonda sewero lako mpaka kukugulira maluwa, takukhululukira. Ndinadziwa kuti wovina uja akutulutsa m'dzenje. Utiuze tsiku lomwe adzalionetse, amayi akufuna kuitana msewu wonse.

Ndinapita kukamuona mnzathu uja Lachiwiri. Sungamuzindikire. Wameta tsitsi, wanenepako, ndipo anaseka kawiri ine ndikumva. Akuti tsopano munthu akagogoda sathawiranso kuseri kwa kabati. Juzi yako thunthu latha, ndi yabuluu woderapo, kwatsala mikono. Anandifunsa za iwe, ndinamuuza kuti umalemba za pa kanema. Akuti, "Ndiye ndiiluke bwino, mwina idzaoneka." Alibe kanema, samudziwa n'komwe Maud wako.

Clifford akumwa kuposa kale. Akandiona mumsewu amandivulira chipewa.

Lemba, waulesi iwe.

Glenys


London, Lachiwiri, 19 Januwale 1971

Achemwali anga okondedwa,

Pepani chifukwa cha chete. Ntchito inandikwirira. Muli bwanji ndi kuziziraku? Kuno mapaipi anauma, ndikusamba kwa mnzanga. Ndagula chikhoti chatsopano, chobiriwira, amayi akadzachiona adzati ndawononga ndalama. Bambo Prewitt andilonjeza masewero ena asanu ndi limodzi, ndipo dzina langa lizituluka palokha pa kanema, osati pansi pa la munthu wina.

Sewero adzalionetsa Lachinayi pa 11 Febuluwale.

Pali kanthu kena kakang'ono. Nkhani ya wovina ija bambo Prewitt sanaifune, akuti ndi nthabwala chabe. Tsiku limenelo ndinalibe china m'manja, ndipo anali atandiimirira pamutu. Ndiye ndinangotchulako pang'ono za majuzi, ngati chitsanzo, koma iwo anailumphira. Musadandaule, ndasintha zambiri. Maina ndi ena, mwamunayo ndamupatsa ndevu, tauni sitinaitchule. Palibe angazindikire. Komabe mwina ndi bwino mnzanu uja akanapita kwina masiku amenewo, kungosamala chabe.

Ndikudziwa mukwiya poyamba, koma mukalionera mudzanyadira. Maud akuchita ndendende zomwe munachita inu. Ndi mphatso yanga kwa inu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Hilary


Bridlington, 12 Febuluwale 1971

Mwana wanga Hilary,

Ndine mayi ako. Sindikudziwa kuti kalatayi ikupeza liti, poti a positi akunyanyalabe ntchito, sabata yachinayi ino, bokosi la makalata la pakona analimata pakamwa. Koma ndalephera kudikira, ndilembe ndiisunge.

Tinaliona! Tsiku lake tinalidziwira mu nyuzipepala, poti iwe sunatiuze. Ndinaitana mayi Stork ndi ana awo, mayi Jewitt, ndi mkazi wa abusa. Dzina lako litatuluka tinaomba m'manja, mayi Jewitt anataya tiyi pa kapeti wanga koma sindinalankhule.

Nzeru zimenezi unazitenga kuti, mwana iwe? Za majuzi zija, Maud akutukula mikono m'sitolo mpaka kupeza kanangula kozondoka, kenako kukanamiza chimwamuna chija kuti mkazi wake ali ku Canada. Mkazi wa abusa analira. Ndipo ngakhale simunatchule, tonse tinaizindikira Whitby, tchalitchi chogumuka pamwamba pa phiri chija angachisowe ndani? Mayi Stork akuti, "Edna, mwana wako watiika pa mapu."

Akuti ku bala ya padoko nakonso kunadzaza. Mwamuna wa mayi Stork anali komweko. Akuti pa kanangula paja anthu onse anatembenuka kuyang'ana Clifford Leadley, poti anavala juzi yolukidwa ndi mkazi wake wothawa uja. Wina anamuseka kuti, "Tukula mkono tione, Cliff." Iye anatukuladi, anayang'ana, anasiya mowa wake wosatha n'kutuluka. Anthu ena nthabwala saziwa.

Mkulu wako ndiye wandikhumudwitsa. Sanalione, anagona ku Leeds pa ntchito zakezo. Wafika m'mawa uno, ine ndikumufotokozera bwinobwino, ndisanafike n'pakati pomwe wagwetsa kapu yanga ya maluwa ija, watuluka osavala chipewa, galimoto yapita ngati akuthamangitsidwa. Mpaka pano sanabwere. Ndikuona ngati ndi kansanje, koma usamuuze kuti ndatero.

Uzidya mokwanira.

Mayi ako,
Edna Cammish


Bridlington, 10 Malichi 1971

Hilary,

Kalata yako ya pa 19 Januwale yafika lero m'mawa, pamodzi ndi bilu ya magetsi ndi khadi ya Khirisimasi yochedwa ya azakhali. Ndaiwerenga katatu. Moni ndilibe.

Mwezi wathunthu foni yako ikungolira, ukangomva kuti ndine umauza mnzako anene kuti watuluka. Ndiye ndikulembera, umve zomwe sewero lako silinaonetse.

Mawa lake la sewerolo ndinafika ku Whitby cha m'ma 11 koloko m'mawa. Clifford anali atafika 9 koloko, pa galimoto ya mchimwene wake. Sanavutike mwezi wathunthu ngati ine, unali utamuphunzitsa kale njira. Masitolo a ulusi ku Whitby alipo atatu. Analowa limodzi limodzi, waulemu, chipewa m'manja, akuonetsa kanangula ka pa juzi yake. "Ndikufuna ina yonga iyi, amayi, woluka wake ndingamupeze kuti?" Mwini sitolo yachitatu ndi mayi wachikulire wabwino mtima, samadziwa kanthu. Anamulozera masitepe.

Marjorie anatsegula chitseko yekha. Paja ndinakuuza kuti anali atasiya kuopa kugogoda.

Sanamumenye kumaso, amadziwa pomenya. Anagwira dzanja lake lamanja, analiika pa mphuthu, natseka chitseko. Kangati sindikudziwa. Mayi wa sitolo akuti anamva katatu asanathamangire panja kukaitana anthu. Zala zinayi.

Ndinamupeza kuchipatala, dzanja lili m'pulasitala mpaka m'chigongono. Wapolisi anali atangotuluka, Marjorie atamuuza kuti anagwa pa masitepe. Clifford anali pa benchi panja ndi maluwa. Atandiona anaimirira.

"Mayi Cammish, Canada yayandikira masiku ano," anatero, akumwetulira.

Ndinalowa. Marjorie ndiye anayamba kulankhula.

"Anakupatsani zingati a kanemawo?"

"Palibe, Marjorie. Ndikulumbira."

"Nanga anadziwa bwanji za kanangula?"

"Ndinauza munthu mmodzi."

"Inenso ndinauza mmodzi," anatero. "Inuyo."

Ndinamupempha ndimutenge, ndikamubise ku Leeds, ku Scotland, kulikonse. Anaseka pang'ono. Akuti, "Ndikadya chiyani kumeneko? Ndiluka ndi mano?" Patatha masiku atatu anabwerera kwa Clifford. Ali mu Msewu wa Doko, nyumba yachisanu kuchokera pakona, makatani otseka. Ndimadutsapo tsiku lililonse popita ku ofesi.

Poyamba ndinkati mwina unalakwitsa mwaubwana, unasowa pogwira, unayesa kundichenjeza koma positi inakugwiritsa mwala. Ndinkafuna kukhulupirira zimenezo, ndiwe mng'ono wanga, ndinakusambitsa ine. Koma ntchito yanga ndi kuyang'ana masiku, ndipo lero ndayang'ana.

Sewero unalilemba mu Novembala. Munajambula ku Whitby mu Disembala, mtunda wa ola limodzi kuchokera pakhomo pathu, masiku omwewo unkati ntchito yakuchulukira ku London. Unali ndi miyezi iwiri yondiuza. Unasankha pa 19 Januwale. Dziko lonse linkadziwa kuti mawa lake a positi ayamba kunyanyala, wailesi inkalengeza ola lililonse kuti musaponyenso makalata. Chidindo cha pa envelopu chikuti 5 koloko madzulo. Unaiponya ukudziwa kuti siifika.

Ndipo foni, Hilary? Ili pa desiki langa, nambala yake ndi yomwe ija unkaimba uli kusukulu ukafuna bambo akutumizire ndalama. Milungu itatu inalipo. Mawu asanu akanakwana, ndikanamusamutsa tsiku lomwelo. Koma unadziwa kuti ndikamva msanga ndikwera sitima kudzagwira Prewitt wako pakhosi kuti sewerolo lisaonetsedwe. Unafuna kuti lionetsedwe, komanso unafuna kudzanena kuti "ndinakulemberani". Zonse ziwiri wazipeza.

Glenys


London, 14 Malichi 1971

Achemwali,

Sindinadye chiwerengere kalata yanu. Ndikanadziwa kuti zifika pamenepo, Mulungu ndi mboni, sindikanachita. Ndinkaganiza kuti munthu ngati Clifford saonera Maud Tranter, amuna a ku doko amati ndi za akazi. Za Whitby si ine ndinasankha, ndi ojambula, ankafuna malo okongola. Kanangula ndinafuna kukasintha kakhale nsomba, koma bambo Prewitt anati nangula amaoneka bwino pa kanema.

Za tsiku la kalata, mukundiyesa chilombo. Ndinkaopa basi. Tsiku lililonse ndinkati ndiimba mawa.

Koma achemwali, tayang'ananinso mbali inayi. Makalata afika mazanamazana ku ofesi, sitalaka itangotha. Akazi ochokera konsekonse akuti sewero lija lawapatsa mphamvu, wina wa ku Cardiff akuti anachoka pa banja m'mawa mwake. Kodi zimenezo si kanthu? Ndiponso aliika pa mndandanda wa mphoto, mwambo wake uli mu Epulo. Ndinkafuna mudzabwere, mudzakhale pambali panga, poti nkhaniyi ndi yanu.

Ndafunsa za tepi. Akuti sadzalionetsanso, matepi ndi odula, amafufuta n'kujambulapo zina. Lathu alifufuta mwezi wamawa. Ndiye likhala ngati silinakhaleko.

Ndaikamo cheke, ndalama za dokotala wabwino wa mafupa. Mungomupatsa Marjorie, osanena kuti zachokera kwa ine.

Musanditaye. Bambo ankati chibale ndi fupa, sichiola. Loweruka ndi tsiku langa lobadwa, ndidikira foni yanu.

Mng'ono wanu,
Hilary


Bridlington, 19 Malichi 1971

Hilary,

Cheke chako ndachibweza m'phukusi lomweli. Dokotala wachotsa pulasitala Lolemba. Zala ziwiri sizipindikanso.

Wa ku Cardiff ndamukondwerera. Ndikhulupirira kuti iye sanauze mchemwali wa munthu aliyense komwe wapita.

Wati tepi aifufuta. Zikomo pondiuza, ndikamuuza Marjorie akadzatsegula makatani.

Wati kalata yanga ija unaotcha. Mayi Stork andibwerezera mawu a mkazi wa mu sewero lako, akuti ndi pomwe mkazi wa abusa anayambira kulira: "Mukamuuza, mukagulenso bokosi." Patapita mwezi munthu sakumbukira mawu ndendende chotero. Inali pambali pa makina ako otayipira pamene unkalumbira pa manda a bambo.

Amayi sindinawauze. Akuganizabe kuti ndi nsanje, ndipo chithunzi chako cha mu nyuzipepala achiika pamwamba pa kanema. Asiye aganize choncho, akalamba. Uziwalembera, uzibwera kudzawaona. Ukamabwera uzindiuziratu tsiku, ndizikagona ku Leeds. Undiuze pa foni.

Bambo ankanenadi za fupa. Siliola, n'zoona. Koma ine ndaona chithunzi cha kuchipatala cha dzanja la Marjorie, ndikudziwa zomwe fupa limachita.

Lachitatu ndinapita ku Whitby kukalongedza katundu wake, poti iye Clifford samulola kutuluka. Sanali ndi zambiri: madiresi awiri, ketulo, chithunzi cha mayi ake. Pa mpando wa pawindo panali juzi yako, pomwe anaisiya popita kukatsegula chitseko. Ndakutumizira mmene ndinaipezera. Mkono wamanja sanauyambe. Wamanzere unatsala pang'ono, singano zikadali momwemo, usamale zingakubaye potsegula.

Ndi 38, monga unanenera. Utukule mkonowo, kanangula anali atakaika kale.

Ukaivale ku mwambo wa mphoto. Anailuka bwino kuti mwina idzaoneka.

Glenys